Chitenje cha Mai Kaphwiti

M'ufumu wa Tavomera, kuseri kwa mapiri a Musandifunse, mudali mwambo umene ngakhale mwana wongosiya kumene kuyamwa ankaudziwa: munthu wonyamula nkhuku sayang'anidwa kumaso. Ukaona wina akulowa mu ofesi ya boma atakwapatira nkhuku m'khwapa, umadziwiratu kuti akukathokoza bwana pa chinthu chimene bwanayo sanachitebe. Tsono ulemu wake udali woti uyang'ane kumbali, ukande m'mutu, kapena uyambe kuwerenga kalendala ya pakhoma. Alonda a pazipata ankatsegula chitseko maso ali kumwamba ngati akufufuza mvula. Palibe adaulemba m'buku mwambo umenewu, koma unkasungidwa kuposa malamulo onse olembedwa.

Mwambo umenewu ndi umene udalera ntchito ya Mai Eneresi Kaphwiti, mtolankhani wa nyuzipepala ya Khutu. Dzina lawo linkadziwika kuyambira kunyumba yachifumu mpaka kuchigayo, koma nkhope yawo, ayi ndithu. Ankangomanga mpango kumutu, chitenje chofwifwa m'chiuno, nkhuku m'khwapa, basi n'kukakhala pabenchi m'khonde la nduna. Makalaliki ankawadutsa akubwebweta zonse, mabwana akukangana zitseko zili pululu, iwo ali phee, akusisita nkhuku. Madzulo ankabwerera kwawo ndi nkhani, ndi nkhuku yomwe, poti palibe adawafunsapo kuti akudikira yani.

Ndi momwe adaululira za msewu wa ku Dikirani, umene udatsegulidwa ndi sizasi ndi riboni usanalambulidwe n'komwe. Ndi momwe adagwirira Nduna ya Zaulimi itagulitsa nkhokwe ya dziko n'kulengeza kuti chimanga chadyedwa ndi anankafumbwe. Iwo adangofunsa m'nyuzi kuti anankafumbwe ake ndi otani, odya ndi matumba omwe, ndi malole omwe. Adagonapo kundende, adawotcheredwapo khitchini, adatukwanidwapo pawailesi ndi anthu amene m'mawa mwake ankawasendezera malo pabenchi. Tsopano tsitsi lidali litayera mbuu, maondo ankalira pokwera masitepe, koma makutu adali akadali a mtsikana.

Chaka chimenecho nkhani yowasowetsa mtendere idali ya mijigo. Mfumu Sindichoka Wachitatu inkayenda mudzi ndi mudzi kutsegula mijigo, wailesi ikufuula kuti ludzu lathetsedwa. Koma manong'onong'o ankati mjigowo ndi umodzi womwewo. Ati umabwera pa lole, amauimika pamwamba pa dramu lokwiriridwa, mfumu ikapopa madzi n'kutuluka, amayi n'kuvina, ndipo fumbi la magalimoto likangotha nawo mjigo umazulidwa, ati kukakonzedwa. Zikadathera pompo bwenzi anthu akungoseka, poti a ku Tavomera adazolowera kuseka zimene sangazisinthe. Choipa chidali Lamulo Lothetsa Manyazi. Lamulolo linkati mudzi wolandira mjigo uzikwirira chitsime chake chakale tsiku lomwelo, mfumu ikuona, chifukwa chitsime n'chizindikiro cha umphawi, ndipo umphawi udaletsedwa. Midzi ingapo idali itayamba kale kumwa m'zithaphwi pamodzi ndi ng'ombe. Wotsatira udali mudzi wa Katsalira, kuchigwa kouma kumene chitsime chimodzi chokha chinkasunga anthu m'chilimwe. Chikakwiriridwa chimenecho, Katsalira ndiye kuti watha.

Mai Kaphwiti sankalemba mphekesera. Ankalemba zimene aona ndi maso awo. Choncho m'mawa wina adanyamula nkhuku yawo yamawangamawanga, imene ankaitcha Mboni, n'kukakhala m'khonde la nyumba yachifumu kuti amve tsiku la ulendo wa ku Katsalira. Adapeza bwalo la nduna lili mkati, ndipo nkhani imene inkakambidwa idali ya iwo amene.

"Mayi uja wayamba kununkhiza mijigo," idatero mfumu. Idali nkhalamba yopaka tsitsi utoto wakuda bii, ndipo idakhalitsa pampando mpaka kufika pokhulupirira wailesi yake yomwe. "Akuti mijigo yanga ili ndi vuto. Timutani?"

"Timumange, mfumu," idatero Nduna ya Zandende.

"Tidamumanga kale. Adatuluka ndi nkhani yoti akaidi amamwa msuzi, nyemba zikudyedwa kunyumba kwako."

Nduna ya Zandende idayamba kuyang'ana nsapato zake.

"Timugulire galimoto," idatero nduna ina.

"Tidamugulira. Adaikanda ndi chikhadabo n'kupeza kuti ndi ambulansi ya ku Mwachedwa yopakidwa utoto wina."

"Titseke nyuzipepala yakeyo."

"Asa! Titaitseka, amayi adayamba kuimba nkhani zake pamtondo. Mkazi wanga yemwe ankaziimba kubafa."

Apo ndi pamene adadzuka a Ndawombera, Nduna ya Zothokoza ndi Zowomba M'manja, munthu wa zikhatho zofewa ndi mimba yofika pamalo mwini wake asanafike.

"Mfumu yanga, inu amene tambala amayamba wakupemphani asanalire," adayamba motero, "mphamvu ya mayi ameneyu ndi imodzi basi. Palibe akumudziwa nkhope. Mwina tikulankhula pano ali m'khonde momuno!"

Bwalo lonse lidafa nacho chiseko. M'khondemo Mboni idati kwee, Mai Kaphwiti n'kuigwira mlomo.

"Tsono tisamumange," adapitiriza a Ndawombera. "Timulemekeze. Tisindikize nkhope yake pa chitenje, dziko lonse livale. Chithunzi chilipo, chija adamujambula kundende, changogona m'kabati. Tikatero adzalowa pati osadziwika? Ndipo tsiku la ku Katsalira timukhazike pansanja, pambali panu. Pansanja munthu saona kanthu, mfumu. Ine ndakhalapo zaka zonsezi, ndikudziwa."

Mfumu idakondwa mpaka kudziwombera yokha m'manja. Pompo padatuluka chilengezo chakuti Mai Eneresi Kaphwiti tsopano ndi Mayi wa Choonadi cha Ufumu, ndipo aliyense wosavala chitenje chawo ndi mdani wa choonadi.

Koma abale, ulemu umapweteka! Mai Kaphwiti adatsika masitepe aja Mboni m'khwapa. Ndende sadaiope, moto sadauope, koma tsiku limenelo adachita mantha enieni. Nkhope yawo pa chitenje! Ndiye kuti mlonda aliyense, kalaliki aliyense, ngakhale wogulitsa zitumbuwa adzawazindikira ndi kakona ka diso. Adakadzitsekera m'nyumba, akumva wailesi ikuwatamanda m'mawa ndi masana. Mthenga wa kunyumba yachifumu atafika ku ofesi ya Khutu kudzawaitanira kunsanja, adauzidwa kuti apita kumaliro. Atabweranso, adauzidwa kuti malirowo akupitirira. Masiku amene akadapita ku Katsalira kukafufuza adathera m'kubisala, ndipo adadzida nazo kwambiri.

Dzulo lake la mwambo wa ku Katsalira, mtima udawakana. Adakokera mpango mpaka m'zikope, Mboni m'khwapa, n'kupita kumsika wa Mundiuzenji kukaona tsoka lawo ndi maso.

Msika wonse udali mbee ndi nsalu zatsopano. Zidapachikidwa pazingwe, pamatebulo, zina zitafunditsidwa pamatumba a makala. Mai Kaphwiti adayandikira pang'onopang'ono, adakweza maso, n'kungoti kakasi.

Pansalupo padali kamtsikana. Masaya tofutofu, mpata pakati pa mano, mizere itatu m'khosi, tsitsi lowongola lofika m'mapewa, kakumwetulira ngati kangolandira mwamuna wolemera. M'munsi mwake adalembamo zilembo zikuluzikulu: MAI KAPHWITI, MAYI WA CHOONADI.

Mai Kaphwiti adaiwala, ndipo a Ndawombera nawo adaiwala, za Lamulo la Nkhope. Ku Tavomera chithunzi cha munthu wolemekezedwa sichiloledwa kuoneka chachikulu msinkhu kuposa cha mfumu, ndipo cha mfumu chinkacheperachepera chaka ndi chaka, moti panthawiyi idali itafika pooneka ngati mnyamata wofuna kufunsira. Mmisiri wojambula wa kunyumba yachifumu adali ndi ana oti adye. Atalandira chithunzi cha kundende chija adachotsa makwinya, adadzaza masaya, adabwezera mano, adawongola mphuno, n'kupitiriza kukonza mpaka padatsala khutu lakumanzere lokha limene lidali la Mai Kaphwiti.

"Agogo, musagwire ndi manja a nkhukuwo," adatero mayi wogulitsa nsalu, maso ali kumbali monga mwa mwambo. "Mukufuna kugula kapena mukungosirira?"

"Ndani ameneyu, mwana wanga?"

"Iii, simuwadziwa? Mumakhala kuphanga? Ndi Mai Kaphwiti amenewa, aja adagwira anankafumbwe odya malole. Ine ndimawadziwa bwinobwino, amadzagula kanyenya kuseri kuno. Munthu wosadzikweza."

Bambo wina wokankha njinga ya nkhuni adaima n'kuyang'anitsitsa nsaluyo.

"Kodi amwalira?" adafunsa.

"Ayi, angowalemekeza."

"Aaa, pepani," adatero bamboyo, n'kuvula chipewa. "Ndi chimodzimodzi."

"Ine ndigula ziwiri," adatero mayi wina wobereka mwana. "Cha mfumu chija ndidatchinga pazenera, chidasuluka mwezi usanathe. Tione ngati choonadi chipirira dzuwa."

Mai Kaphwiti adachoka pamenepo akuseka okha, misozi ili lengelenge. Adali atapulumuka, inde. Koma penapake pamtima padawawa. Zaka zonse zija, ndende ija, khitchini ija, dziko n'kupereka ulemu wake kwa kamtsikana ka mpata pamano kamene sikadabadwe n'komwe! Komabe nthawi yodzimvera chisoni padalibe. M'mamawa adakwera lole ya matola, Mboni m'khwapa, ulendo wa ku Katsalira.

Adafika dzuwa litakwera, kutentha kochita kuwawula. Mudzi wonse udavala chitenje chija. Kulikonse kumene ankayang'ana, kamtsikana kaja kankamwetulira kumbuyo kwa amayi, pena kopendekeka, pena chazondoka, pena katatambasuka masaya malinga ndi mwini thupi. Pakati pa bwalo padali nsanja ya nsalu zofiira, ndipo patsogolo pake padaima mjigo wonyezimira. Chapatali pang'ono, pansi pa mtengo wa mkuyu, padali chitsime, ndipo amuna a m'mudzimo adachizungulira ndi makasu ndi mafosholo, nkhope zili ndwii, akudikira lamulo.

Asilikali a pachipata atangoona nkhuku adayamba kufufuza mvula. Mai Kaphwiti adadutsa, adazungulira nsanja, n'kulowa kuseri kwa mpanda wa udzu umene udamangidwa kumbuyo kwa mjigo. Kumeneko adaona zonse. Lole idaima itabisika. Anyamata a yunifomu ankathira madzi m'paipi yolowa pansi, wina akugogoda nthaka ndi chidendene kuti amve ngati dramu ladzaza. Chimene patsogolo chinkaoneka ngati simenti adali matabwa opakidwa utoto wotuwa, ndipo utotowo udali utanyotsoka m'makona chifukwa chokwezedwa ndi kutsitsidwa. Mmodzi mwa anyamatawo adawawombera m'manja mwaulemu, maso ali kumbali, n'kuwasonyeza njira ya kwa bwana.

Nkhani adaipeza. Koma nyuzipepala imatuluka mawa, pamene makasu adali m'manja lero. Adaganiza zopita kwa amayi a m'mudzimo kukawanong'oneza. Dzina lawo lokha, adatero mumtima, likwanira kuimitsa makasu.

Asanafike n'komwe, chimkuzamawu chidakhosomola.

"Anthu a ku Katsalira!" adafuula a Ndawombera. "Lero muli ndi mwayi wowirikiza. Mfumu yabwera ndi madzi, yabweranso ndi choonadi. Nawa Mai Kaphwiti!"

Mai Kaphwiti adapunthwa. Pansanja padaimirira mtsikana wa masaya tofutofu ndi mpata pamano. Adamudziwa. Adali Sitelia, mwana wa mlongo wawo wa a Ndawombera, amene ntchito yake kunyumba yachifumu idali yokonza maluwa patebulo. Mpando wa Mayi wa Choonadi sukadakhala wopanda munthu, ndiye nduna idangoyang'ana pansalu n'kufunafuna pakati pa abale ake wofanana nayo.

Nthungululu imene idalira pamenepo sidali ija yolamulidwa, ija amayi amaimba akuyang'ana kumene kuli matumba a mchere. Idali yeniyeni, yochokera pansi pamtima. Nkhalamba zina zidachita kupukuta misozi.

"Ndafufuza," adatero Sitelia akuyang'ana amalume ake. "Ndafufuza pansi ndi pamwamba. Mjigo uwu ndi weniweni. Madzi ake akuchokera pakati penipeni pa dziko. Kwirirani chitsime mosaopa."

Amuna aja pansi pa mkuyu adayang'anana, ndipo nkhope zawo zidamasuka. Wina adalavulira m'manja n'kugwira bwino mpini.

Mai Kaphwiti adathamanga monga momwe maondo adawalolera, n'kugwira mkono wa mayi wina wamtali amene ankatsogolera nyimbo. Anzake ankamutcha Naliyera.

"Mayi, mverani. Uyo si Kaphwiti. Kaphwiti ndine. Pansi pa mjigo uwo pali dramu."

Naliyera adayang'ana kumbali.

"Ndiyang'aneni kumaso!"

"Mwanyamula nkhuku, agogo."

Mai Kaphwiti adabisa Mboni kumbuyo. Naliyera adawayang'ana, adapotoloka kuyang'ana chitenje chake, adawayang'ananso, n'kupukusa mutu mwachifundo.

"Dzuwa lakutenthani, agogo. Kakhaleni pamthunzi apo, tikupatsani thobwa."

Nthawi imeneyi n'kuti mfumu itatsika pansanja. Idagwira chogwirira cha mjigo ndi manja ovala magolovesi oyera, idapopa, madzi n'kuti thoo. Ng'oma zidalira, bandi idaphulika, wailesi idalengeza kuti ludzu lathetsedwanso. Mfumu idabwerera pampando n'kukweza litchowa lake. Likangotsika litchowalo, dothi loyamba ligwera m'chitsime.

Moyo wawo wonse Mai Kaphwiti adali munthu wa m'khonde, womvera chapatali n'kukalemba mawa. Sadayambe aimapo pakati pa bwalo. Koma mawa lidali kutali kwambiri. Adakonza mpango, adaika Mboni patsogolo m'manja onse awiri, n'kuyamba kuyenda molunjika kunsanja. Asilikali adapatuka maso ali kumwamba. Nduna zidayamba kukanda m'mutu. Adakwera masitepe, maondo akulira, n'kugwada pamapazi a mfumu. Ndipo adachita chimene sadachitepo chiyambire ntchito yawo: adaipereka nkhukuyo.

Mfumu idatsitsa dzanja linalo n'kuilandira, litchowa likadali m'mwamba. Tsono mwambo wa nkhuku uli ndi mchira wake: woilandira pagulu sakana pempho la woipereka.

"Nena, mayi," idatero mfumu.

"Mfumu, ine ndine nkhalamba yopanda dzina," adatero Mai Kaphwiti, ndipo chimkuzamawu chidanyamula mawu awo mpaka kumkuyu. "Ndili ndi kapempho kamodzi. Tisanakwirire chitsime chamanyazichi, lolani amayi a ku Katsalira atunge madzi anu, aliyense ndowa yake, inu mukuona. Adzauze adzukulu awo kuti adatunga pamaso pa mfumu."

A Ndawombera adatuwa. Adawerama n'kunong'oneza m'khutu la mfumu kuti nthawi yatha, kuti dzuwa likuwononga khungu lachifumu, kuti chakudya chikuzizira. Koma mfumu idali itatupa kale ndi chimwemwe.

"Atunge!" idafuula. "Atunge onse! Madzi anga satha. Wailesi yanena m'mawa womwe uno."

Amayi adabalalika kukatenga ndowa, mitsuko, mabeseni, wina adabwera ndi bafa losambitsira mwana. Adandanda mzere wautali akuimba nyimbo yotamanda mfumu. Mai Kaphwiti adatsika n'kugwira okha chogwirira. Adapopa. Ndowa yoyamba idadzaza, nthungululu. Yachiwiri, nthungululu. Thukuta lidayenderera m'makwinya onse amene mmisiri uja adachotsa, mapewa adayaka moto, koma sadaleke. Kuseri kwa mpanda kudamveka phokoso la anthu othamanga ndi zigubu zopanda kanthu, poti madzi a pa lole adali atathera m'dramu kalekale.

Itafika ndowa ya Naliyera, mjigo udakhosomola. Udalavula timadzi tadzimbiri, udapuma, udakhosomolanso. Mai Kaphwiti adapopabe mwamphamvu, ndipo pansi pa nthaka padamveka kulira kumene mwana aliyense wa ku Tavomera amakudziwa, kulira kwa dramu lopanda kanthu: ng'ong'ong'o.

Nyimbo idaduka. Woimba lipenga adatsala masaya ali otupa. Bwalo lonse lidati zii, kupatula mbuzi ina imene idasankha nthawi imeneyi kuti ilire.

"Madzi anga ali kuti?" idafunsa mfumu.

Pa ntchito yawo a Ndawombera adali katswiri, zimenezo tisawamane. Adameza malovu kamodzi kokha.

"Awamaliza, mfumu."

"Awamaliza?"

"Psiti! Madzi oti amwe iwo, ana awo ndi adzukulu awo, awamaliza tsiku limodzi. Dyera, mfumu yanga. Sindidaonepo anthu osayamika chonchi. Mai Kaphwiti, si choncho?"

"Ndafufuza," adatero Sitelia. "Awamalizadi."

Mfumu idadzuka itakwiya zedi, utoto wa m'tsitsi ukutsikira m'khosi ndi thukuta. Pompo idagamula mlandu, mlembi akulemba. Choyamba, mjigo ulandidwe nthawi yomweyo. Chachiwiri, mudzi wa Katsalira usadzalandirenso mjigo wachifumu mpaka kalekale. Chachitatu, ndipo apa mfumu idakweza mawu kuti chilango chimveke kuwawa kwake, anthu a ku Katsalira apitirize kumwa m'chitsime chawo chamanyazi, iwo ndi ana awo, kuti dziko lonse liziwaseka.

Makasu adagwa pansi onse nthawi imodzi. Kenaka kudabuka maliro. Amayi adagwira m'mutu, mayo ine, mayo ine, ena akudzigubuduza m'fumbi, ena atabisa nkhope m'zitenje mapewa akugwedezeka mokayikitsa. Bambo wina wachikulire adakwawa mpaka kutsogolo kwa nsanja.

"Mfumu, chilango ichi n'chachikulu," adatero. "Koma tipirira. Chonde musatichepetsere, tingazolowere."

"Sindichepetsa!" idatero mfumu, ndipo maliro adakula.

Lole idatulukira kuseri kwa mpanda ngati yongodutsa mwangozi. Anyamata a yunifomu adazula mjigo, adanyamula matabwa a simenti, adakweza zonse mwachangu cha anthu ozolowera. Magalimoto adanyamuka, Mboni ili pamiyendo pa Nduna ya Zandende, ndipo Mai Kaphwiti adadziwa kuti imeneyo sifika mawa. Adaimvera chisoni kwambiri, poti idali nkhuku yodziwa kukhala chete.

Dzuwa litapendeka, fumbi litatha, adapita kukakhala pamuzu wa mkuyu. Manja adali atatuluka matuza. Naliyera ankatunga pachitsime, akuponya chidebe cha chingwe n'kukoka mwaluso.

"Agogo inu," adatero akuseka, "uchitsiru wanu watipulumutsa. Mumafuna kusangalatsa mfumu, onani zachitika."

"Kodi za dramu simumazidziwa?" adafunsa Mai Kaphwiti.

"Ogo! Tisadziwe bwanji? Dzenje lake adakumba ndi bambo a kunyumba kwanga, dzana lomweli. Mudzi wonse udathandiza kukwirira."

Mai Kaphwiti adatsegula maso.

"Nanga makasu aja? Mumafuna kukwirira chitsime mukudziwa kuti pansi pali dramu?"

"Tidapangana kuti tizikwirira mwaulesi, mwina mfumu itopa n'kuchoka," adatero Naliyera. Adaleka kuseka, n'kutsamiritsa chidebe pamwendo. "Koma Mai Kaphwiti atanena okha kuti afufuza, tidati kaya, mwina dramu lija lakumana ndi kasupe pansipo. Mayi amene uja sanama. Amuna athu adagwira makasu ndi mtima wonse."

Mawu amenewa adawalasa Mai Kaphwiti kuposa matukwano onse a pawailesi. Anthu adakumba dzenje ndi manja awo, adaliona dramu ndi maso awo, koma dzina la Kaphwiti litalankhula adakana manja ndi maso omwe. Mai Kaphwiti adanyada pang'ono, kenaka adachita mantha.

"Mwana wanga," adatero pang'onopang'ono, "tsiku lina mukadzamva Kaphwiti akulankhula, kaya pansanja, kaya m'nyuzi, muziyamba mwakagogoda dramu. Kaphwiti ndi munthu chabe. Osamukhulupirira kuposa maso anu."

Naliyera adaika chidebe pansi, manja m'chiuno, nkhope itasintha.

"Eee, agogo, pamenepo ndiye mwalakwa. Mayi amene uja adagona kundende chifukwa cha ife. Adamuwotchera khitchini. Lero mwina amuopseza, ndani akudziwa chimene adamuuza kuseri? Ife sitimutaya chifukwa cha tsiku limodzi. Inu zaka zonsezi mudali kuti? Mudatilankhulirapo chiyani, kuti lero muzinyoza Mai Kaphwiti?"

Mai Kaphwiti adayang'ana amayi ena amene adasonkhana akuvomereza ndi mitu.

"Palibe, mwana wanga," adatero.

"Ndiye imwani madzi muzipita, matola angakusiyeni."

Naliyera adatunga chikho n'kuwapatsa mosawayang'ana bwino. Mai Kaphwiti adachilandira ndi manja awiri amatuza aja. Madziwo adali ozizira, onunkhira dothi ndi mizu ya mkuyu. Adamwa onse mpaka pansi, n'kupempha chikho china.